Mlendo pasiteji ya eni: zolemba za mausiku khumi

Poyambira

Kwa zaka 6 ndakhala ndikuimbira gitala khoma la kuchipinda kwanga. Khoma silisintha kiyi, silithamanga, ukalakwitsa silikuyang'ana. Vuto lake n'lakuti silikuphunzitsanso kanthu. Choncho ndadzipatsa ntchito yoti ndiimbe mausiku khumi ngati mlendo m'mabandi a anthu ena, m'mabala a m'matauni ang'onoang'ono, kuja kumene bandi imakhala imodzimodziyo Loweruka lililonse ndipo omwa mowa amaidziwa nyimbo iliyonse kuposa oiimba. Zoyambitsa bandi yangayanga sindikuziganiza n'komwe. Ndikungofuna kuona ngati ndingakwere pasiteji ya eni, n'kuimba nawo nyimbo zitatu kapena zinayi zimene sitinayeserere limodzi, n'kutsikapo mkulu wa bandi asanalumbire kuti za alendo basi.

Ndizilemba usiku womwewo kapena m'mawa mwake, mtima usanayambe kukometsera nkhani. Ndizijambulanso mawu pafoni n'kumvetsera, ngakhale zikhale zochititsa manyazi. Dzina la bala kapena la munthu simulipeza muno, chifukwa anthuwa akundilandira ndi manja awiri ndipo zolakwa zambiri zikhala zanga.

Katundu ndi wochepa: gitala yamagetsi ya mapikapu (tizipangizo totola kulira kwa nsambo) atatu a mtundu wa single-coil, kaampu ka mawati 15, zingwe ziwiri, kapo (kopanira nsambo zonse pakhosi la gitala), chochunira cha batire la 9V, ndi nsambo zapadera m'thumba.

Usiku woyamba

Ndinafika dzuwa lisanalowe, m'bala muli zii. Siteji yake inali kangodya chabe pakati pa firiji ndi khomo la kuchimbudzi. Mkulu wa bandi, bambo wa imvi zake amene amaimba bezi, anati andiitana m'chigawo chachiwiri. "Inu khalani pafupi, achimwene. Ndikakukodolani mubwere, musakayambe kumasula zingwe pamenepo."

Anandikodoladi. Ndinakwera, n'kulumikiza chingwe, n'kuyang'ana dzanja lamanzere la wa gitala wawo. Zala zake zagwira G. Nanenso ndinagwira G n'kumenya ndi mtima wonse. Chimene chinatuluka chinali ngati amphaka awiri omangidwira m'thumba limodzi. Ndinayang'ananso zala zija: G yemweyo. Ndinamenyanso. Wa ng'oma anatseka diso limodzi.

Bandi yonse inali itachuna magitala theka la sitepe kutsika (fureti imodzi, kaja kampata kamodzi ka pakhosi la gitala), kuti woimba asamavutike ndi manotsi okwera usiku wonse. Mabandi ambiri a m'mabala amatero, ine ndekha ndiye sindinaganizeko. Nsambo zimene kwa ine zinali E, A, D, G, B, E kwa iwo zinali E♭, A♭, D♭, G♭, B♭, E♭. Chochunira changa sichinandinamize ayi. Chimatsata muyezo wa A wa 440 Hz (kugwedezeka ka 440 pa sekondi), uja bungwe loona za miyezo padziko lonse la ISO linavomereza mu 1955. Koma noti imene anzangawo ankaitcha A inali cha m'ma 415 Hz, ndipo manotsi awiri oyandikana chotere akalira pamodzi khutu limawawa kuposa mukanatalikirana kwambiri.

Ndinatsitsa voliyumu, n'kuthawira ku F♯ yotseka ndi chala pa fureti yachiwiri, n'kumaliza nyimbo yonse ndikuchotsera theka la sitepe m'mutu pa chilichonse chimene maso akuona. Thukuta linali kamukamu. Nyimbo yachiwiri isanayambe ndinagwada n'kuchunanso gitala yonse anthu akudikira, zimene zinatenga nthawi yaitali kuposa mmene ndikufunira kukumbukira. Safunsa anadya phula. Funso lake linali lalifupi: mwachuna bwanji magitala anu?

Usiku wachiwiri

Tauni ina, bandi ina. Za kachunidwe ndinafunsa ndisanatsegule n'komwe chikwama. Wa kiyibodi anandimenyera A, zinagwirizana. Apa nkhani inali phokoso.

Kaampu kanga ndinakaika pansi, kumbuyo kwa miyendo yanga. Nyimbo itayamba sindinkadzimva, ndiye ndinakweza. Sindinkadzimvabe, ndinakwezanso. Pa nyimbo yachiwiri mayi wina wa patebulo lakutsogolo ananyamula botolo lake n'kukakhala kumbuyo atagwira khutu. Mwini bala anabwera cha m'mbali, anatambasula dzanja chikhatho chitayang'ana pansi, n'kumalitsitsa pang'onopang'ono ngati akugoneka mwana.

Mawu okwera, aja akuthwa, amatuluka mu sipika molunjika ngati kuwala kwa tochi, pamene otsika amafalikira paliponse. Ampu ikakhala pansi, mawu akuthwawo amadutsa m'mawondo mwako n'kukabaya munthu wokhala pampando kutsogolo, amene mutu wake uli pa mzere wa sipika ndendende. Iwe woimirira pamwamba pake ukungomva mdidi n'kumaganiza kuti sukumveka. Pa nthawi yopuma wa ng'oma anatenga kireti yopanda kanthu, anakweza kaampuko n'kukapendeketsa kuti kayang'ane kumutu kwanga. "Mawondo alibe makutu, akulu," anatero. Ndinatsitsa voliyumu pafupifupi ndi theka, ndipo ndinayamba kudzimva bwino kuposa poyamba.

Usiku womwewo, pa nyimbo ina imene gitala yanga sinkafunika, anandipatsa maiki kuti ndithandize korasi. Inali Shure SM58, ija mumaipeza pafupifupi pasiteji iliyonse chitulukireni mu 1966. Ndinaigwira kumutu, kufumbata kaukonde kake kachitsulo monga ndimaonera ena akuchitira. Sipika inaliza mluzu woziziritsa mano. Maiki yamtunduwu anaipanga kuti izimva za kutsogolo n'kukana za kumbuyo, ndipo imatero chifukwa cha timipata ta kumbuyo kwa mutu wake. Ukatitseka ndi chikhatho imayamba kumva mbali zonse, kuphatikizapo monita, sipika ija imene ili kumapazi ako. Mawu atuluka mu sipika, alowa m'maiki, akulitsidwa, atulukanso, alowanso, mpaka mluzu uja. M'mabuku a zamawu amautcha Larsen effect, potengera wasayansi wa ku Denmark, Søren Absalon Larsen. Mnyamata wa pamikisa sanatchule za Larsen. Anangoti, "Gwirani m'munsi, akulu."

Ntchito ya pakati pa sabata

Masiku angapo apitawa ndakhala ndi manambala. Mausiku awiri aja andionetsa kuti palibe amene ali ndi nthawi yondiuza makodi a nyimbo. Mkulu wa bandi amangotchula kiyi, kenako n'kumaimika zala: chimodzi, zinayi, zisanu. Ine ndinkayesa akundiwerengera nthawi yolowera.

Njira yake ndi yakuti makodi amapatsidwa manambala malinga ndi malo awo mu sikelo ya kiyi imene mukuimbamo. Mu G, 1 ndi G, 4 ndi C, 5 ndi D, 6 ndi E minor. Mu B♭, manambala omwewo ndi B♭, E♭, F ndi G minor. Woimba akabwera ndi pakhosi pokanda n'kunena kuti titsitse nyimbo, mayina onse amasintha koma manambala amakhala omwewo. Oimba a m'masitudiyo a ku Nashville ndi amene anaitchukitsa njirayi, ndipo amene anayamba kulemba chotere ndi Neal Matthews Jr. wa gulu la Jordanaires, kumapeto kwa zaka za m'ma 1950.

Ndatenga nyimbo zimene ndakhala ndikuzimva m'mabalamu n'kuzilemba m'manambala m'kabuku ka m'thumba. Zambiri zikungozungulira pa 1, 4, 5 ndi 6, moti ndinachita manyazi pang'ono poganizira maola amene ndinataya ndikuloweza makodi a zala zisanu amene palibe wandipempha mpaka lero. Ndalowezanso kayendedwe ka blues ya zigawo 12 (chigawo chilichonse chili ndi kugunda kunayi), chifukwa bandi ikasowa nyimbo yoimba ndi mlendo imathawira kumeneko: 1 kanayi, 4 kawiri, 1 kawiri, kenako 5, 4, 1, n'kutsekera pa 5 pobwerera pachiyambi. Madzulo aliwonse ndikuimba kayendedwe kamodzi m'makiyi onse 12. E♭ ndi A♭ akundivutabe, ndipo ndi omwe a kiyibodi ndi a malipenga amawakonda.

Usiku umene sindiuwerengera

Ulendo wa maola awiri, maola anayi pampando gitala ili pakati pa miyendo, osaitanidwa. Anthu anadzaza, anavina, ndipo mkulu wa bandi sanafune kugwedeza chinthu chimene chikuyenda. Potuluka anandigwira paphewa. "Pepani achimwene, lero moto unayaka bwino. Sindikanaponyapo nkhuni yaiwisi." Zinandiwawa njira yonse yobwerera, koma akanakhala ine ndikanachita chimodzimodzi.

Chimodzi ndinatolapo. Ndili pampandopo ndinaona mmene nyimbo amazimalizira popanda wolankhula. Wa bezi amakweza khosi la gitala yake m'mwamba, aliyense n'kumuyang'ana, ndipo akalitsitsa mwamphamvu ndiye noti yomaliza. Mausiku awiri aja maso anga anali pa zala zanga, n'chifukwa chake kawiri konse ndinatsala ndekha ndikulira anzanga ataleka.

Usiku wachitatu

Bala yakale, mawaya a magetsi akuoneka kuti anawalumikiza anthu osiyanasiyana pa zaka zosiyanasiyana. Ndisanakhudze nsambo ampu inali ikung'ung'udza kale ngati njuchi m'mphako. Pikapu ya single-coil imatola phokoso la magetsi a m'nyumba, amene amagwedezeka ka 50 kapena ka 60 pa sekondi malinga ndi dziko, ndipo firiji, mababu amachubu ndi TV ya pakhoma zimawonjezera. Ndinatembenuka pang'onopang'ono gitala ili m'khosi mpaka ndinapeza mbali imene phokoso linachepa, koma mbali yake inali yoyang'ana kukhoma. Wa gitala wawo anaseka n'kusuntha switchi yanga ndi chala chake. Pa magitala ambiri a mapikapu atatu, malo achiwiri ndi achinayi a switchi amaphatikiza mapikapu awiri m'njira yoti phokosolo liphane lokha. Ndi nzeru yomweyo ya pikapu yopha phokoso yotchedwa humbucker, imene Seth Lover anapangira kampani ya Gibson ndipo inayamba kuoneka pa magitala awo mu 1957. Zaka 6 ndili ndi gitala imeneyi, malo amenewo ndinkawasankha pongofuna kamvekedwe.

Chachikulu chinachitika pa korasi ya nyimbo yoyamba. Dzanja lili pa nsambo, ndinayandikira maiki ya pachoimikira, mlomo n'kukhudza kaukonde kaja. Ndinamva ngati munthu wandibaya ndi singano yamoto. Ndinabwerera m'mbuyo, n'kuyesanso monga chitsiru, n'kubayidwanso.

Nsambo za gitala yamagetsi zimalumikizana ndi waya wa earth (wothawitsira magetsi osokera m'nthaka) wa ampu, ndipo kaukonde ka maiki kamalumikizana ndi wa mikisa. Zonse zikakhala bwino, palibe kusiyana kwa mphamvu ya magetsi pakati pa ziwirizi. Chimodzi chikakhala chopanda earth kapena cholumikizidwa molakwika, magetsi amafuna podutsa, ndipo podutsa pake ndi iwe, kuchokera kudzanja kukafika kumlomo. Si nkhani yoseka. Mu 1972 Les Harvey, wa gitala wa bandi ya Stone the Crows, anafera pasiteji ku Swansea atagwira maiki imene inalibe earth.

Ndinazimitsa ampu nyimbo ili pakati. Pa nthawi yopuma tinatsatira chingwe chimene anandipatsa n'kupeza kuti pulagi yake inalibe mwendo wa earth. Wina anauthyola kalekale, mwina pofuna kuthetsa kung'ung'udza komwe kuja, mwina pofuna kuti ilowe m'soketi imene sinkalola. Tinalumikiza ampu yanga pamalo amodzi ndi mikisa, kubaya kunatha. Mkulu wa bandi ankaoneka wodabwa kuti ndakangana ndi kanthu kakang'ono chotere. "Timangovekapo siponji pa maiki, bambo, sizibayanso." Siponji imabisa ululu, vuto limakhala lili pomwepo. Sindinafune kuphunzitsa eni m'nyumba mwawo, koma ndinawauza za Swansea.

Ndagula kachipangizo koyezera soketi, kaja ka timagetsi titatu, ndi chingwe changachanga cha magetsi. Zalowa m'chikwama ndipo sizitulukamo. Kung'ung'udza kukabwera chifukwa cha zida zolumikizidwa m'masoketi osiyana, mankhwala ake ndi switchi ya ground lift ya pa DI box (kabokosi kolumikizira chida choimbira ku mikisa), imene imadula earth ya mbali ya mawu yokha. Mwendo wa pulagi suthyoledwa.

Usiku wachinayi

Usikuwu ndinatsika pasiteji ndikudziona katswiri. Kiyi ndinaidziwa, manambala anayenda, ampu inali pampando, palibe chimene chinalira kapena kubaya. Anthu awiri anandigwira chanza. M'mawa mwake ndinatsegula zimene foni inajambula, ndipo ndinazimitsa nyimbo yachiwiri isanathe.

Noti yolakwika palibe. Koma mpata nawo palibe. Woimba akuimba, ine ndili pansi pake ndikuyendetsa zala. Akapuma, ndilipo. Wa kiyibodi akangoyamba kachidutswa kake, ndamukwera pamsana. Zikumveka ngati mlendo amene wapeza eni nyumba akukambirana nkhani yawo, iye n'kuyamba kufotokoza za ulendo wake osapumira. Kuimba ndekha kunandizoloweza kudzaza paliponse, chifukwa kuchipinda kuja ukaleka kumangoti zii. Pasiteji ukaleka nyimbo imapitirira, ndipo pa zimene ndinamvazo, m'malo awiri okha amene ndinaleka pofuna kukonza lamba ndi mmene nyimbo inapuma bwino.

Pamenepo m'pamene ndinamvetsa zimene woimba wawo anandiuza pa nthawi yopuma, zimene usikuwo ndinazitenga ngati nthabwala. Ndi mayi wachikulire ndithu, wa mawu okhuthala, wosakweza mawu polankhula. Anati, "Bambo, zala muli nazo. Koma ine ndikamalankhula inu muzimvetsera. Ndikameza malovu, apo ndiye muziyankha."

Nkhaniyi ili ndi mbali ya ulemu, koma ilinso ndi mbali ya masamu. Bandi ya anthu asanu ili ngati chipinda chimene aliyense ali kale ndi pogona pake. Bezi ndi ng'oma yaikulu zili pansi: nsambo yotsikitsitsa ya bezi ya nsambo zinayi imalira pa 41 Hz, ya gitala pa 82 Hz. Pakati ndi pamene pali chipwirikiti, chifukwa dzanja lamanzere la wa kiyibodi, gitala ya eni ndi mawu a woimba zonse zikupanikizana pomwepo. Ine ndinabwera ndi makodi a nsambo zonse 6, ogwirira kumutu kwa gitala, ndendende pamene wa gitala wawo wagona kale. Magitala awiri akuimba chinthu chimodzi mosiyana pang'ono, zotuluka zake matope.

Malo otsala ali pamwamba. Nsambo zitatu zopyapyala, cha m'ma fureti 5 mpaka 9 kapena kupitirira, makodi a manotsi atatu okha, omenyedwa mwachidule pamodzi ndi ng'oma yaing'ono ya snare pa kugunda kwachiwiri ndi kwachinayi. Mu kiyi ya G, kuwerenga mafureti kuyambira nsambo yachitatu kutsikira ku yoyamba, G ndi 7-8-7, C ndi 9-8-8, D ndi 7-7-5. Dzanja silisuntha kwambiri, ndipo timawu take timakhala pamwamba pa bandi osaponda munthu. Njira ina yaulesi ndi kapo. Wa gitala wawo akagwira G wa kumutu, ine ndimange kapo pa fureti 7 n'kugwira ngati C. Noti zake ndi za G yemweyo koma kamvekedwe kake n'kena.

Ndakhala sabata yathunthu ndikuimba motsatira zimene foni inajambula, voliyumu yake ili m'mwamba, n'kumadziletsa kulowa woimba asanameze malovu. N'zovuta kuposa sikelo iliyonse imene ndinaphunzirapo. Zala zimayabwa. Lamulo latsopano: vesi yoyamba sindiimba kalikonse.

Za makutu

Kuchokera usiku wachinayi khutu lamanzere, lomwe linali mbali ya ma cymbal (mbale zachitsulo za wa ng'oma), linalira mluzu masiku awiri. Bungwe la NIOSH la ku America, loona za thanzi ndi chitetezo pantchito, limati phokoso la madesibelo 85 munthu angalipirire maola 8 patsiku, ndipo likakwera ndi 3 nthawiyo imadulidwa pakati: 88 maola 4, 91 maola 2, 94 ola limodzi, ndipo pa 100 ndi mphindi 15 zokha. Pa kangodya kamene ng'oma zili pafupi moti ungazikhudze ndi chigongono, manambala apamwambawo si achilendo. Timaselo ta mkati mwa khutu timene timamva mawu tikafa sitimeranso.

Zotsekera m'makutu za siponji ndinaziyesa, zimameza mawu okwera moti umamva ngati uli pansi pa madzi, n'kuyambanso kukweza ampu. Ndagula za oimba, zokhala ndi kasefa, zimene zimatsitsa mawu onse pafupifupi mofanana. Zimafuna kuzolowera. Mawu ako omwe amamveka ngati akuchokera m'chigaza.

Usiku wachisanu

Ndinabwerera kwa bambo a imvi aja, amene ndinawaimbira amphaka. Gitala ndinaitsitsiratu theka la sitepe kunyumba dzulo lake kuti nsambo zikhazikike. Vesi yoyamba ndinangoima, chikhatho chili pa nsambo. Iwo anandiyang'ana, n'kuyang'ana chingwe changa, poganiza kuti chafa. Ndinawagwedezera mutu. Pa korasi ndinalowa ndi timakodi tanga tatatu, ndipo wa ng'oma amene anatseka diso uja anamwetulira osandiyang'ana.

Pa nyimbo yachitatu anandilozera ndi chibwano kuti nditenge solo. Ndinaimba zigawo 8, kuyamba ndi mzere womwewo umene woimba anali atangoumaliza, kuupinda pang'ono, n'kuubweza m'manja mwake. Pafoni ikumveka yaifupi kwambiri moti ndinalakalaka ndikanaiwonjezera, ndipo ndikuganiza kuti m'pamene inayenera kuthera.

Za m'bala sizisowa. Bambo wina amene anali atakhuta bwino anakwera pasiteji kufuna maiki, n'kuponda chingwe changa. Chikanazuka ndi phokoso loopsa, koma ndinali nditachikolowetsa pakati pa lamba ndi thupi la gitala ndisanachilowetse, moti chinangokoka phewa. Kenako anandigwira mkono n'kumandiuza m'khutu nyimbo imene akufuna. Ndinkaidziwa. Ndinamulozera kwa mkulu wa bandi. Mlendo akavomera pempho la womwa, wasankhira anthu asanu nyimbo imene mwina saidziwa, ndipo amene adzakhale ndi manyazi Loweruka lotsatira ndi iwo.

Titamaliza ndinaona mwini bala akuwerengera mkulu wa bandi ndalama pakauntala, ndiye ndinapita kukakulunga zingwe. Malipiro a bandi amakhala atagwirizana kale, ndipo chilichonse chopita kwa mlendo chimachoka m'thumba la mmodzi wa iwo. Chiyambireni ntchitoyi ndimanena ndisanakwere kuti sindikuyembekezera kanthu, kuti pasakhale kuyang'anana pamapeto. Ndinanyamula nawo masipika mpaka kugalimoto. Ndikutsanzika, bambo aja anandifumbatitsa kenakake ka paulendo n'kunena kuti, "Amati mlendo ndi mame, koma inu mwezi wamawa mubwerenso." Aka n'koyamba kuitanidwa ndisanapemphe.

Usiku wachisanu ndi chimodzi

Ndabwerera m'mbuyo. Holo yaitali ya makoma osapaka kanthu, anthu ochepa, ndipo malo okhawo amene anatsala anali kumapeto kwa siteji, kutali ndi ng'oma. Anandipatsa nyimbo imodzi yoti ndiyambe ndekha ndi gitala. Ndinaiyamba mothamanga, wa ng'oma n'kulowa pa liwiro langalo, woimba n'kumameza mawu kuti akwanire. Nditayeza kunyumba ndi metronome (kachipangizo kogunda pa liwiro losasintha) ndinapeza kuti ndinali pamwamba ndithu pa liwiro limene iwo amaiimbira. Mtima ukamagunda mofulumira, liwiro loyenera limamveka ngati lochedwa. Wa ng'oma anandiuza zimene iye amachita: asanawerenge, amaimba korasi mumtima, chifukwa korasi ndi imene imaulula ngati mawu akwanira.

Pa nyimbo zinazo vuto linatembenuka, ndinkatsalira. Mawu amayenda mamita 343 pa sekondi mu mpweya wa madigiri 20, kutanthauza pafupifupi mamilisekondi atatu pa mita iliyonse. Mamita atatu kuchokera kung'oma si kanthu kwenikweni. Koma khoma lakumbuyo kwa holo linali pa mamita ngati 15, ndipo snare inkapita n'kubwerako, mamita 30, itachedwa ndi mamilisekondi pafupifupi 90. Popanda anthu okwanira oti amwe mawuwo, yobwererayo inkamveka bwino kwa ine kuposa yeniyeniyo, ndipo ndi imene ndinkaitsatira. Nditazindikira ndinasiya kukhulupirira khutu n'kumayang'ana dzanja lamanzere la wa ng'oma. Zinakhalako bwino, ngakhale khosi linauma.

Palibe amene anandikalipira. Palibenso amene ananena za mwezi wamawa.

Pamene ntchito yafika

Mausiku 6 atheka, atsala 4. Kufunsa kachunidwe, kukweza ampu pampando, kuyeza soketi ndi kukolowetsa chingwe palamba tsopano zikungochitika zokha. Kukhala chete pa vesi yoyamba kukutheka, koma pafoni ndikumvabe zala zikubwerera m'chizolowezi nyimbo ikafika kumapeto anthu akayamba kukuwa. Kuyamba nyimbo ndekha sindinakhoze, ndipo ndi kumene ndikulimbana nako sabata ino: ndikutchera metronome, n'kuizimitsa, n'kuyenda m'chipinda mphindi imodzi, kenako n'kuyamba nyimbo ndi kuyatsanso kuti ndione ndaphonya motani. Mpaka pano ndikuphonyera kumtunda nthawi zonse.

Usiku wachisanu ndi chiwiri ndi wa bandi yokhala ndi malipenga awiri, ndipo wa kiyibodi wawo wandiuza kale pafoni kuti theka la nyimbo zawo lili mu E♭ ndi A♭. Magitala sachuna motsitsa, ndafunsa. Ndasintha nsambo lero kuti zikhale zitakhazikika pofika Loweruka, ndipo batire la chochunira ndagula lina.